Chipolopolo chotchipa chimachokera kuti? Mitengo, mantha ndi anthu odzipangira okha ku America

Mukamasefa TikTok kapena YouTube usiku bandulo isanathe, mavidiyo aja simungawaphonye. Bambo wandevu wavala zotseka m'makutu, wagwira mfuti yaitali, akulasa chitsulo chopachika patali, pha! pha! pha! mpaka makoko a zipolopolo ali mbwee pansi. Ambirife timathamangira kufunsa kuti mfutiyo ndi ndalama zingati, koma pamene pamawawa m'thumba si pamenepo. Mfuti munthu amagula kamodzi n'kukhala nayo zaka zambirimbiri, mwinanso kusiyira ana. Zimene zimamudya mwezi ndi mwezi ndi zipolopolo. Zili ngati printa ya pa steshonare: makina unagula kalekale, koma inki ndiye sikupatsa mpata wopuma.

Ku America kusaka nyama ndi kuwombera pa chandamale ndi masewera a anthu mamiliyoni, ndiye mtengo wa zipolopolo amaukamba ngati mmene ife timakambira mtengo wa feteleza. Amawerengera chimodzichimodzi, masenti angati pa chipolopolo. Ine mfuti ndilibe ndipo sindikuifuna, koma nkhaniyi inandikoka chifukwa cha masamu ake. M'zaka ziwiri zimene ndinakhalako ku yunivesite ndinamva zambiri za msika, koma chitsanzo chomveka ngati ichi sindinachipeze m'kalasi. Kanthu kochepa ngati chala, mtengo wake ukutsatira migodi, mikangano ya mayiko komanso mantha a ogula.

Muli chiyani m'kati?

Chimene timangochitcha chipolopolo chili ndi zigawo zinayi. Pali khoko, kachubu kachikasu kaja kamadumphira pambali mfuti ikalira. Kumbuyo kwa khoko kuli kabatani kochepa ngati njere ya nandolo, amakatcha primer, ndipo ndi kamene kamathetheka moto kakamenyedwa. M'kati muli onga. Kutsogolo ndiye kuli mutu, chimene chimauluka chija.

Khoko labwino amapangira mkuwa wachikasu, wosakaniza kopa magawo 70 ndi zinki magawo 30 pa 100 aliwonse. Mutu nthawi zambiri umakhala wa mtovu m'kati, kunja n'kuukutira ndi kopa. Mwaonatu, kopa ali mbali zonse ziwiri. Mu May 2021 mtengo wa kopa pa msika wa zitsulo wa ku London unadutsa madola 10,000 pa tani, ndipo amafakitale a zipolopolo anazimva. Kopa amene amakumbidwa ku Kitwe, Chingola ndi Solwezi kwa aneba athu ku Zambia amagulitsidwa pa mtengo wa msika womwewo, ndiye chaka chimene migodi ya ku Copperbelt ikumwetulira, mlenje wa ku Texas amakhala akudandaula pa kauntala.

Pamwamba pa zimenezo pali msonkho. Lamulo la Pittman-Robertson la 1937 ndi limene linapatula msonkho wa 11 peresenti wa pa zipolopolo ndi mfuti zazitali kuti uzipita ku ntchito yosamalira nyama zakutchire m'zigawo za dzikolo. Ndiye ngakhale uja amangowombera zitini Loweruka, akulipirira nawo malo okhala agwape ndi abakha am'tchire. Msonkhowu umagwira chipolopolo chathunthu, zigawo zogulitsidwa pazokhapazokha sukhudza, ndipo apa ndi pamene odzipangira amayambira kuona phindu.

Zotchipa zilipo mitundu ingapo. Zotchipitsitsa ndi tating'ono totchedwa .22 LR, timene tinatuluka mu 1887 ndipo mpaka lero ndi timene ana ambiri kumeneko amaphunzirira kuwombera, komanso timene amasakira akalulu ndi agologolo. Nyengo ikakhala bwino kamodzi sikafika masenti 10. Vuto lake, mankhwala oyatsira moto ali m'mphepete mwa khoko lenilenilo, ndiye kakalira kamodzi basi kathera pomwepo.

Kwa amfuti zazikuluko, monga zodya 7.62x39 ya AK ndi SKS, kapena .223 ya AR-15, mpulumutsi kwa zaka zambiri anali Russia. Mafakitale a ku Tula ndi Barnaul ankatumiza zipolopolo za makoko achitsulo m'malo mwa mkuwa, zambiri zikugulitsidwa ndi mayina ngati TulAmmo, Wolf ndi Brown Bear. Chitsulo n'chotchipa kuposa kopa, nkhani yonse yagona pamenepo. Ogula ankadziwa kuti akutenga chiyani: zimadetsa mfuti msanga, sizilunjika bwino ngati zodula, ndipo mutu wake wokutidwa ndi chitsulo chopaka kopa umadya paipi ya mfuti mofulumirirapo. Malo ena ophunzirira kuwombera amazikana chifukwa zimatha kuthetheka zikagunda chitsulo kapena mwala n'kuyatsa udzu wouma. Koma kwa munthu wofuna kungowombera mazana awiri kapena atatu pa wikendi, masamu ankamukomera. Ena ankachita kuwerengera kuti ndalama zopulumutsidwazo zikwanira kugula paipi yatsopano yakaleyo ikatha, n'kutsalako chenji.

Kenako pali zotsala za asilikali, makamaka za m'mayiko a kum'mawa kwa Ulaya, zimene zinasungidwa m'zitini zomata kuyambira nthawi ya Cold War. Zotchipa ndithu, koma zambiri zili ndi primer yakale imene imasiya mchere m'paipi. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo ukachita ulesi wotsuka tsiku lomwelo, dzimbiri limayamba ntchito. Apakati ndi mafakitale ngati Prvi Partizan ya ku Serbia, Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, PMC ya ku South Korea ndi Aguila ya ku Mexico, amene amagulitsa za makoko amkuwa pa mtengo wofikirika. Ngakhale fakitale ya boma ya Lake City ku Missouri, imene ntchito yake yeniyeni ndi kupangira asilikali a America, imagulitsako zina kwa anthu wamba kudzera mwa kampani yoiyendetsa.

Chaka chimene mashelefu anayera

Mu 2020 zinthu zinakumana pamodzi: Covid, zionetsero za m'misewu George Floyd ataphedwa mu May, ndi chisankho cha pulezidenti mu November. Anthu anachita mantha n'kuthamangira kogula mfuti. Bungwe la amalonda a mfuti la NSSF linawerengera kuti chaka chimenecho kunagulitsidwa mfuti pafupifupi 21 miliyoni, ndipo anthu opitirira 8 miliyoni anali ogula koyamba. Tangoganizani aliyense wa atsopanowo akungofuna mabokosi awiri okha a zipolopolo 50. Ndi zipolopolo zoposa 800 miliyoni zimene palibe fakitale inazikonzekera.

Chaka chomwecho Remington, imodzi mwa makampani akale kwambiri, inagwa ndi ngongole, ndipo fakitale yake yaikulu ya zipolopolo ku Lonoke, Arkansas, inkangoyenda mwa apo ndi apo mpaka Vista Outdoor itaigula. Mitengo ya zipolopolo zotchuka inakwera kawiri, kwina katatu. Masitolo anayamba kupimira, bokosi limodzi kapena awiri pa munthu, ndipo anthu ankalawirira kukaima pa mzere tsiku lobwera lole.

Amene munagonapo pa filing'i siteshoni kudikira petulo mukudziwa mmene zimakhalira. Ukangomva kuti chinthu chikusowa, umagula choposa chimene ukufuna, mnzako akakuona nayenso amatero, mavenda amalowa pakati n'kumagulitsa pa mtengo wawo, ndiye kusowa kuja kumadzidyetsa kokha. Ku America sikanali koyamba. Pambuyo pa kuphedwa kwa ana pa sukulu ya Sandy Hook mu December 2012, anthu anaopa kuti malamulo akhwima, ndipo .22 LR inasowa m'masitolo kwa zaka zingapo. Mungafunse kuti bwanji amafakitale osangomanga ina? Amaopa kuti pamene makina atsopano azidzayamba kuzungulira, mantha adzakhala atatha, anthu makabati ali odzaza, iwo n'kutsala ndi ngongole. Ndiye amangowonjezera mashifiti n'kudikira.

Msika usanapume bwino, ndale zinalowapo. Pa 20 August 2021 boma la America linalengeza zilango kwa Russia pa nkhani ya poizoni amene anapatsidwa wotsutsa boma Alexei Navalny chaka chapitacho. Chimodzi mwa zilangozo chinali kusiya kupereka zilolezo zatsopano zoitanitsira zipolopolo ku Russia, kuyambira mu September. Amene anali ndi zilolezo kale anapitiriza mpaka zitatha, ndiye katundu sanazimiririke tsiku limodzi, anangophwa pang'onopang'ono ngati chitsime cha mu October. Zotere zinachitikaponso mu 1994 pamene boma la Bill Clinton linatseka zipolopolo zotchipa zochokera ku China. Kawiri konse amene anamva kuwawa kwambiri ndi ogula otsika m'thumba, chifukwa wotchipitsitsa akachoka pa msika, otsalawo alibenso chifukwa chotsitsira mtengo.

Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, panabweranso vuto la onga. Onga wamakono amapangira nitrocellulose, ndipo chinthu chomwecho ndi chimene chimafunika pa mizinga ya asilikali. Boma likabwera ndi oda yake yaikulu, mlenje wofuna kachitini kamodzi amadikira kumbuyo kwa mzere.

Nanga kudzipangira wekha?

Apa ndi pamene pamabwera chimene amachitcha handloading kapena reloading. Ganizo lake n'losavuta kumva. Pa zigawo zinayi zija, chodula kwambiri nthawi zambiri ndi khoko lamkuwa, ndipo ilo silipsa mfuti ikalira, limangogwa pansi. Ndiye munthu amalitola, kulitsuka, kulibwezera m'maonekedwe ake ndi makina apamanja omangirira pa tebulo, n'kuikamo primer yatsopano, onga ndi mutu watsopano. Khoko limodzi limatha kubwerezedwa kangapo lisanang'ambike. Makampani ngati Lee, RCBS, Hornady ndi Dillon amadyera pa kugulitsa zida zimenezi, ndipo kumeneko n'zololedwa bola ukupangira wekha, osati malonda.

Sikuti khoko lililonse limatheka. Zachitsulo za ku Russia zija ambiri amangotaya, mwa zina chifukwa cha mtundu wa primer. Ilipo mitundu iwiri, yonse ya m'ma 1860, ndipo mbiri yake imandiseketsa. Ya Berdan anatulukira ndi Hiram Berdan wa ku America, koma inakakhazikika ku Ulaya ndi ku Russia, ndipo kuichotsa m'khoko ndi chintchito. Ya Boxer anatulukira ndi Edward Boxer wa ku Britain, koma ndi imene inakhazikika ku America, ndipo imachoka mosavuta. Anachita ngati anasinthana.

Tsono tiyeni ku masamu, chifukwa a YouTube ambiri amangokuwa kuti upulumutsa theka, osakuonetsa pepala. Manambala awa ndangoyerekeza mozungulira kuti tione mmene zimayendera, mitengo yeniyeni imasintha mwezi ndi mwezi. Tinene kuti zida zoyambira, makina, sikelo, buku ndi tina n'tina, zakudya madola 400. Tinene kuti chipolopolo chosakira cha .308 m'sitolo chili pa dola imodzi ndi theka. Ukadzipangira, primer masenti 9, onga masenti 30, mutu masenti 35, ndipo khoko ukaligawa pa maulendo amene ulibwereze, masenti 10. Zonse pamodzi masenti 84. Wapulumutsa masenti 66 pa chimodzi. Kuti madola 400 aja abwerere, uyenera kupanga zipolopolo zopitirira 600. Mlenje amene amawombera 40 pa chaka, zingapo zoyesera mfuti ndi zingapo za nyama, adzabweza ndalama zake patatha zaka 15. Kwa munthu ameneyo bola kungogula bokosi n'kukhala chete.

Ukapita ku zotchipa kale monga .223 wamba, mpata umachepa kwambiri. Ngati ukupulumutsa masenti 10 okha pa chimodzi, uyenera kupanga 4,000 usanaone phindu, ndipo apo sitinawerengere maola amene wakhala pa tebulo. Ndi makina osavuta oyambira, zipolopolo 50 zimatha kukudyera ola lathunthu. Ngati ola lako lili ndi mtengo, phindu lija latha.

Pamene masamu amakoma ndi pa zipolopolo zazikulu kapena zosowa. Za mfuti zosakira njati, monga .375 H&H ya mu 1912 imene alenje olembedwa ntchito ku Luangwa ndi ku Zimbabwe amaidziwa bwino, m'sitolo zimadya madola angapo chimodzi. Apo zida zimadzibweza ndi mazana ochepa chabe. Chimodzimodzi amene ali ndi mfuti yakale ya agogo imene zipolopolo zake mafakitale anasiya kupanga zambiri, kwa iye njira ina palibe. Ku California, kumene kuyambira pa 1 July 2019 kusaka ndi zipolopolo zamtovu n'koletsedwa pofuna kuteteza miimba yotchedwa condor, alenje ena amadzipangira za mitu ya kopa yekhayekha chifukwa za m'sitolo zimadula komanso sizipezeka pa mtundu uliwonse wa mfuti.

Ndiye pali amene samayang'ana ndalama n'komwe. Opikisana kuwombera patali amadzipangira kuti chipolopolo chilichonse chifanane ndendende ndi chinzake komanso chigwirizane ndi mfuti yawo. Amenewa amawononga zambiri kuposa ogula m'sitolo ndipo savutika kuvomera. Odzipangira ambiri akale amanenanso okha kuti ndalama sizitsala, zimangosanduka zipolopolo zambiri. Ine ndimaona kuti amenewa ndi amene akunena zoona. N'chimodzimodzi kugula bandulo yaikulu yotchipa, sumapulumutsa, umangoonera mavidiyo ambiri.

Ngozi nayo ndi mtengo umene sulembedwa pa risiti. Onga ulipo wa mitundu yambiri, wina umayaka msanga wina pang'onopang'ono, ndipo umaoneka mofanana. Kusokoneza chitini, kapena kupyoza muyeso pang'ono chabe, mfuti imatha kuphulikira m'manja, nkhope ili pafupi. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amatsatira mabuku a miyeso oyesedwa m'malabu a makampani, osati zimene wanena munthu pa Facebook, ndipo sawombera zopangidwa ndi munthu amene sakumudziwa. Makampani ambiri opanga mfuti amanenanso poyera kuti ukaiwononga ndi zodzipangira, waranti yathera pomwepo.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi cha primer. Odzipangira ambiri ankadzitama kuti kusowa kwa m'masitolo sikuwakhudza. Mu 2020 anazindikira kuti khosi lawo lagwidwa ndi kabatani kaja. Khoko ungatole pansi, mtovu ena amasungunula okha, koma primer imafuna fakitale ya mankhwala oopsa, yokhala ndi chilolezo ndi antchito ophunzitsidwa. Mayina akuluakulu a primer ku America ndi anayi: CCI, Federal, Remington ndi Winchester. Vista Outdoor itagula fakitale ya Remington, atatu mwa anayiwo anakhala a mwini mmodzi. Ndipo mafakitale omwewo ndi amene amapanga zipolopolo zathunthu. Iwe ukanakhala mwini fakitale, anthu akulimbirana katundu, ukanagulitsa primer payokha pa masenti atatu, kapena ukanaiika m'chipolopolo chimene chikugulidwa katatu mtengo wake wakale? Bokosi la 1,000 limene linkagulidwa madola 30 ndi kanthu linafika podutsa madola 100 kwa ogulitsa ena, ndipo mpaka pano silinabwerere pa mtengo wakale. Kumapeto kwa 2024 mayina atatu aja anagulitsidwanso, ulendo uno kwa Czechoslovak Group ya ku Prague, pa madola opitirira 2 biliyoni.

Kuno kwathu nkhani ndi ina, ndipo ndinene mosapita m'mbali chifukwa mavidiyo aja amapusitsa. Ku Malawi mfuti ndi zipolopolo zili pansi pa lamulo la za mfuti, ndipo chilolezo chimachokera ku polisi. Kupezeka ndi chipolopolo wopanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale ulibe mfuti yake, ngakhale unene kuti unangotola. Makolo athu anali ndi kudzipangira kwawo pa mfuti za gogodela, zothira onga ndi tizitsulo kukamwa n'kusinja ndi kamtengo, koma zimenezo lero zimamveka kwambiri pa milandu ya opha nyama mozemba m'malo otetezedwa.

Dziko loyandikira kumene nkhani yonseyi ili yamoyo ndi South Africa, ndipo abale athu amene amagwira ntchito m'mafamu a nyama ku Limpopo mwina anaonapo tebulo lotere m'galaja ya bwana. Kumeneko kuli alenje ambiri osakira ndiwo, makamaka nyama yoyanika ija amati biltong, ndipo kudzipangira n'kofala chifukwa za kunja zimakwera randi ikagwa. Kwa zaka zambiri ankadalira zipolopolo za PMP ya ku Pretoria, nthambi ya kampani ya boma ya Denel, ndi onga wa Somchem. Denel italowa m'mavuto a ndalama, katundu wa PMP anayamba kuvuta kupeza. Mu September 2018 fakitale ya Rheinmetall Denel Munition ku Macassar, pafupi ndi Somerset West, inaphulika n'kupha antchito asanu ndi atatu, ndipo m'zaka zotsatira onga wa Somchem unkapezeka mwa apo ndi apo, ambiri n'kusamukira ku wodula wochokera kunja.

Lamulo lawo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini chilolezo kudzipangira za mfuti yake, koma limawerenga. Munthu wamba saloledwa kusunga zipolopolo zopitirira 200 pa mfuti iliyonse imene ali nayo chilolezo, pokhapokha akhale mlenje kapena wampikisano wovomerezeka ndi bungwe lake, kapena apatsidwe chilolezo chapadera. Pa za odzipangira, gawo la lamulolo limene limawalola limatchula nambala ya chinthu chimodzi, kabatani kaja: primer zisapitirire 2,400 pa mfuti iliyonse.